Golide wa Alamu

Dzina loti Makandulo anamupatsa ndi alamu ake. Anali atangobwera kumene kudzakhala pakhomo pa achemwali ake, atatopa ndi kuyenda ndi digiri mu envulopu m'maofesi momwe aliyense ankamuuza kuti adzamuimbira. Tsiku lina alamuwo anasuzumira pa laputopu yake n'kuona timizere tobiriwira ndi tofiira tili ndandanda. Iye anawafotokozera kuti a msika wa golide amatitcha makandulo, lobiriwira ndiye kuti mtengo wakwera, lofiira watsika. Alamu anaseka mpaka kutsamwa. Anati sukulu yonse ija, mpaka kuvala chipewa cha makona anayi, mathero ake n'kugulitsa makandulo osayaka. Kuyambira pamenepo pakhomopo panalibenso woitana dzina lake lenileni.

Ankagona ndi kugwirira ntchito m'kachipinda komwe kale kanali kosungiramo katundu. Zenera lake linayang'ana pabwalo pomwe alamu ankawotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo, moti tsiku lonse kuwala kwa moto wawo kunkathwanima padenga lake. Ntchito yake inali kugula ndi kugulitsa golide amene sanamukhudzepo n'chala chomwe. Gawo lalikulu la ntchitoyo linali kudikira, ndipo lotsalalo linali kugonja mwaulemu. Asanagule chilichonse ankayamba waika sitopu, malire amene mtengo ukangotsika n'kufikapo, kompyuta imagulitsa yokha, iwe n'kutuluka utataya pang'ono. Ankasankha malo ogwera asanayambe kuyenda. Zimene ankapeza zinkakwana intaneti, sopo, ndi kathumba ka mpunga kothandizira pakhomo kuti asamaoneke ngati mlendo wosadziwa kuti mame anakamuka kalekale.

Poyamba ankapempherera mtengo. Ankatseka maso n'kupempha kuti golide akwere. Anasiya tsiku limene anazindikira kuti iye akamagula ndiye kuti pali wina amene akugulitsa, ndipo n'kutheka kuti ameneyonso wagwada m'kachipinda kake kwinakwake, akupempha Mulungu yemweyo kuti golide atsike. Anaona kuti si bwino kumuika Mlengi pampanipani wotero m'mawa uliwonse. Chimene ankapempha tsopano chinali chimodzi, kuti zala zisamamuyabwe pamene palibe chifukwa chogulira. Pempheroli nalonso silinkayankhidwa masiku onse.

Kenako unabwera mwezi wabwino, umodzi pakati pa miyezi yowuma. Chakhumi chake chinanenepa, ndipo owerengera zopereka kutchalitchi, monga mwa anthu, anali ndi pakamwa. Lamlungu lotsatira abusa anamuitanira kutsogolo kuti apereke umboni. Anayesetsa kunena zoona. Ananena za miyezi imene anataya, za sitopu, za masiku ongokhala manja ali m'khwapa. Koma maikolofoni inkadukiza, ndipo anthu ankavomera Ameni pamalo olakwika. Atamaliza, abusa anamangirira nkhani yonse m'mawu ochepa, akuti Mulungu wa masiku ano akutsegula makomo ngakhale m'mafoni. Amene anawomba m'manja kwambiri anali alamu ake, pampando wa akulu a mpingo, jekete ili yothina m'mapewa.

Alamuwo anali ndi vuto lawo. Makina awo owotcherera anali atakalamba, ankatsokomola utsi n'kumazima pakati pa ntchito. Kwa nthawi yaitali ankasunga ndalama zogulira atsopano, abuluu a mateyala, amene ankaima pazenera la sitolo ina m'tauni. Akadutsa pamenepo ankachepetsa liwiro ngati munthu wodutsa pakhomo pa chibwenzi. Ndalamazo zinali zitatsala pang'ono kukwana, ndipo kutsala pang'onoko n'kumene kunkawasowetsa mtendere.

Anamupempha Makandulo kuti awatsegulire akaunti yogulira golide. Makandulo anakana. Iwo anaseka n'kunena kuti samadziwa kuti kaduka amaphunzitsanso ku yunivesite. Achemwali ake, omwe ankaphunzitsa ku pulayimale ndipo ankabwera madzulo choko chili mbuu pasiketi, anati awatsegulire ya ndalama zoseweretsa kuti mtima ukhale pansi. Apo m'pamene panalakwika, chifukwa alamu anapambana. Sabata yonse ankadina mwachisawawa ndi zala zawo zikuluzikulu za zipsera za moto, ndalama zabodzazo n'kumangochuluka. Pamapeto pake Makandulo anatsegula akaunti yeniyeni, poti wokhala pa eni sakana kawirikawiri. Pasiwedi anaisankha ndi iye, chifukwa alamu anati zoterozo zimawapweteka mutu.

Maulendo oyamba anawaikira sitopu yekha. Kawiri konse mtengo unatsika, n'kukhudza sitopuyo, n'kuwatulutsa atataya pang'ono, kenako n'kukweranso ngati ukuwanyogodola. Kachiwiriko alamu anabwera pazenera lake, chigoba chowotcherera chili pamphumi.

"A Makandulo, tandiuzeni. Munthu amakwatira atalemberatu kalata yothetsa banja?"

"Ayi, alamu."

"Nanga sitopu yanuyi n'chiyani? Ndikupempha kukwera, kwinaku dzanja langa lomwe lalemba kale pogwera. Kumwambako amva ziti?"

Iye anati sitopu si kukayika Mulungu, ndi kudzikayika wekha. Alamu anati zimenezo ndi zomwezo, kungoti zavala taye. Anatsitsa chigoba chawo n'kubwerera ku geti imene ankapanga, ya mayi wina wa sitolo ya nsapato, yemwe anali atabwera kale kangapo kudzaiona.

Sanamuuze tsiku limene anachotsa sitopu n'kuika ndalama zonse za makina pa golide. Makandulo anangodziwira pa tiyi. M'mawa wina alamu anakankhira kapu yawo kutali n'kunena kuti ayamba kusala kudya. Achemwali anayang'ana Makandulo, Makandulo anayang'ana buledi. Golide anali atayamba kutsika dzulo lake, ndipo sanasiye. Tsiku lililonse ankatsika pang'ono, n'kupuma ngati akufuna kubwerera, n'kutsikanso. Alamu ankayenda pabwalo foni ili m'manja, milomo ikugwedera. Nkhope inayamba kulowa. Lamba anamuboolanso bowo lina ndi msomali.

Makandulo anayesa kamodzi kuwalankhula. Anawauza kuti pali malo amene mtengo ukafika, kampani ya msikayo imatseka yokha popanda kufunsa, ndipo pamenepo sipatsala kanthu. Alamu anamuyankha mofatsa, ngati akulangiza mwana wa kalasi ya ubatizo, kuti chikhulupiriro chimayesedwa pamene madzi afika m'khosi, osati ali m'mawondo. Pakati pa sabata yomweyo makina akale aja anatulutsa fungo la waya wopsa n'kukhala chete. Alamu anawamenya, anawatsegula, anawapemerera, koma zii. Geti ya mayi wa nsapato inagona pabwalo ili theka, chitseko chimodzi chilibe mahinjesi.

Lachisanu masana alamu anavala jekete n'kupita ku mapemphero a akulu a mpingo. Kumeneko mafoni ankazimitsa n'kuwasiya m'dengu pakhomo. Makandulo anatsala ndi makandulo ake, ndipo onse anali ofiira, aataliatali, lina pansi pa linzake ngati masitepe otsikira m'dzenje. Iye mwini anali kunja kwa msika. Sitopu yake inali itamutulutsa kale Lachiwiri, ndipo anali atangodandaula pang'ono n'kukachapa.

Achemwali anaweruka msanga tsikulo. Analowa m'kachipindako osagogoda, chikwama cha makope chili paphewa, n'kuima kumbuyo kwake. Sankadziwa kuwerenga tchati, koma mtundu wofiira sufuna digiri. Anafunsa kuti zatsala zingati. Makandulo anati mwina theka, mwina kuchepera. Anafunsanso kuti zikapitirira chonchi zitha bwanji. Makandulo analoza ndi chala kamzere kena pansi pa sikilini, kosatalikira kwenikweni, n'kunena kuti pakafika apa ndiye kuti zonse zapita.

"Pasiwedi ukuidziwa?"

"Ndikuidziwa."

"Tseka."

"Achemwali, ndalama si zanga izi. Mwini wake ananena kuti..."

"Mwini wake ndimagona naye ine. Usiku akumalankhula kutulo za golide. Pabwalopo pali geti ya eni, makina afa. Iwe tseka, za mapempherozo ndithana nazo ndekha."

Makandulo analowa mu akaunti ya alamu. Anadzifunsa ngati uku kunali kuba, ndipo sanapeze yankho loyera. Anaganiza zopemphera, koma sanadziwe kuti apemphe chiyani kwa Mulungu amene pa nthawi yomweyo ankamva za golide yemweyo kuchokera kwa munthu wogwada pa simenti ndi njala ya sabata. Anangodina. Ntchito yonse inatenga nthawi yochepa kuposa kuthira shuga mu tiyi. Manambala ofiira anasiya kuvina, panatsala nambala imodzi yakuda, yaing'ono, yokhazikika. Achemwali anapuma mwamphamvu, anamugwira paphewa, n'kupita kukavula nsapato.

Mtengo unatsikabe pang'ono, ndipo Makandulo anamva kamtendere kochititsa manyazi. Kenako unaima. Panabadwa kandulo kakang'ono kobiriwira. Iye anali ataonapo timakandulo totere tambirimbiri timene timafa tisanakule, choncho sanatekeseke. Koma aka kanakula. Kanatalika, kanabereka kena, kenanso. Kwinakwake kutali munthu wina wa taye anali atalankhula zinazake pa wailesi, ndipo dziko lonse linafuna golide nthawi imodzi. Dzuwa lisanalowe mtengo unali utabwerera pamene alamu anagulira, n'kudutsapo.

Anakhala akuyang'ana, manja ali pamiyendo. Ankadziwa zimene mabuku amanena, kuti chisankho chabwino chikhoza kubala zoipa, ndipo choipa chikhoza kubala zabwino, ndipo munthu amayezedwa pa maulendo zana osati pa umodzi. Ankazikhulupirira ndithu. Koma alamu analibe maulendo zana. Anali ndi umodzi, ndipo unali uwu.

Anawamva alamu akubwera ali kumsewu, akuimba. Anali atayatsa foni potuluka m'tchalitchi n'kuona tchati chili biriwiri, osayang'ana china. Analowa pageti akuitana mkazi wawo kuti atereke madzi, kusala kwatha. Anaitananso a Makandulo kuti atuluke adzaone zimene sukulu siphunzitsa. Anakhala pampando wa pabalaza, anavula nsapato imodzi, n'kutsegula akaunti kuti awaonetse. Nyimbo ija inaduka. Anayang'ana nthawi yaitali, anatseka n'kutsegulanso, anapukuta sikilini pa jekete.

"Watseka ndani?"

Achemwali anali kusinki, akutsuka kapu imene inali yoyera kale. Madzi ankangotuluka. Makandulo anadikira pang'ono, mokwanira kuti wina alankhule ngati akufuna. Kapu ija inatsukidwanso mbali ina.

"Ndine, alamu."

Sanakalipe. Kukalipa kukanakhala kopepuka. Anaika foni patebulo pang'onopang'ono, ngati chinthu chotentha.

"Ndinali nditagwada, mlamu. Mawondo awa. Yankho lili m'njira likubwera, inu mwatseka chitseko."

Makandulo anafuna kunena kuti kamzere kaja kanali pafupi, kuti kukanangotsala kanthu kochepa zonse zikanapita. Anatsegula pakamwa n'kuona kuti mawu onsewo akuyamba ndi "zikanakhala", pamene alamu anali ndi tchati chobiriwira m'manja. Anangoti pepani. Alamu anavala nsapato ija n'kutuluka panja. Anakakhala pa geti yogonayo mpaka tiyi anazizira.

Lamlungu ndi iwo anatsogolera pemphero la mpingo. Anapempherera odwala, apaulendo, ana a mayeso, ndipo pomaliza anapempherera a m'nyumba zathu zomwe, amene maphunziro awalemera mpaka kulephera kukweza maso kumwamba. Mpingo unavomera Ameni wamphamvu, nthawi ino pamalo oyenera. Makandulo anavomera nawo. Anali atatopa kwambiri moti sakanatha kukwiya, komanso pansi pamtima panali kafunso kamene sikankachoka. Bwanji ngati kukwera kuja kunalidi yankho? Ankadziwa bwino kuti golide sakwera chifukwa munthu mmodzi wasala tiyi. Koma ankadziwanso kuti iye mwini amagwada m'mawa uliwonse, ndipo sankafuna Mulungu amene sangathe kukhudza chilichonse chimene chili ndi nambala. Anabwerera kunyumba ndi mafunso onse awiri, ngati munthu wonyamula zidebe ziwiri zosalingana.

Achemwali anabwera m'kachipindako madzulo ake ndi dzira lowiritsa pa sosala, chinthu chimene sanachitepo chibwerereni iye. Anati adzawauza alamu kuti mawu otseka anachokera kwa iwo. Makandulo anafunsa kuti liti. Anati mtima wawo ukadzatsika. Makandulo anasenda dziralo n'kudya, osanena kuti mitima ina imatsika mochedwa kuposa golide. Sanawakakamize. Iye akanatha kudzachoka pakhomopo tsiku lina, koma achemwali akewo ndi pomwe ankakhala.

Amene anathetsa nkhani ya ndalama zotsalazo anali mayi wa nsapato. Anabwera Lolemba ndi ambulera ngakhale kunalibe mvula, anaima pa geti yake yogonayo n'kufunsa ngati akuyembekezera kuti imere yokha mahinjesi. Atachoka, alamu anaima pazenera la Makandulo osayang'ana mkati, n'kunena kuti awatulutsire zimene zatsalazo poti iwo sadziwa podina. Sanatchule dzina la Makandulo. Anangoti mlamu, mouma, ngati akuwerenga pa chiphaso.

Zotsalazo zinakwana makina ogwiritsidwapo kale ntchito, otuwa, opanda mateyala, amene mwini wake wakale anawalemba dzina lake ndi penti pambali. Ankafunika kuwamenya kaye ndi chikhatho kuti ayake, ndipo akayaka, babu la m'kachipinda ka Makandulo linkaphethira. Koma ankawotcherera. Geti inatha, inanyamulidwa, inabwera ntchito ina ya zitsulo za m'mawindo a sukulu ya mkaka. Abuluu aja anakhalabe pazenera la sitolo kwa kanthawi, kenako wina anawagula. Alamu anasintha njira yopitira m'tauni.

Akaunti sanaitsegulenso, ndipo pulogalamu ya msika anaichotsa m'foni. Chimene sanasiye chinali funso. M'mawa uliwonse, asanatsitse chigoba kumaso, ankaima pafupi ndi zenera lija n'kufunsa kuti lero wafika pati. Makandulo ankayang'ana n'kuwauza zoona. Golide ankakwerabe. Alamu ankagwedeza mutu, milomo ikuyenda pang'ono, ndipo iye ankadziwa kuti akuwerengera makina abuluu, mwina awiri, mwina ndi kagalimoto konyamulira mageti. Akatero ankamenya makina otuwa aja n'kuyamba ntchito. Makandulo anafika poliona funsolo ngati lendi yake ya pakhomopo, ndipo ankalipira osadandaula.

Iye anapitiriza monga kale. Ankaika sitopu, ankagonja pang'ono, ankapeza pang'ono, ankagula mpunga. Abusa atamufunsa ngati angaphunzitse achinyamata a mpingo za makomo a m'mafoni, anati ayambe wapemphera kaye, ndipo abusa sakanatsutsa yankho limenelo. Chakhumi chake chinabwerera pa msinkhu wake wakale, owerengera aja n'kumuiwala.

Mvula itayamba, golide anagwa. Anagwa tsiku limodzi, moipa, kudutsa pamene alamu anagulira, kudutsa pamene iye anatsekera, kudutsa ndi kamzere kaja komwe. Makandulo anayang'ana kandulo lofiiralo n'kudikira kuti amve kukoma kwa munthu amene zamuyerera. Sanamve kanthu, kupatula msana umene unkawawa chifukwa cha mpando.

M'mawa mwake alamu anaima pazenera, madontho akugwera pa chigoba, n'kufunsa funso lawo. Iye anawauza nambalayo, osawonjezera mawu. Alamu anayang'ana chitsulo chimene chinali m'manja mwawo.

"Ine ndikanakhala nditatuluka kale pamwamba paja," anatero.

"Inde, alamu."

Anatsitsa chigoba. Anamenya makina kamodzi, osayaka, kachiwiri n'kuyaka. Babu la m'kachipindako linaphethira, ndipo Makandulo anakoka mpando n'kuyamba kufufuza poika sitopu ya tsikulo.